Mpumulo wa masiku awiri m'mapiri a ku Dedza

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa chaka cha 2018 anasonyeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, 84 amakhala kumidzi, ndipo mwa 16 otsalawo, omwe amakhala m'mizinda ndi m'matauni, ambiri ali ndi kwawo komwe kuli abale ndi manda a makolo awo. Komabe munthu wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre akamakwera basi ya kumudzi, kawirikawiri amakhala ataitanidwa ndi maliro, ukwati, chiliza kapena nkhani ya feteleza, kotero kuti amanyamuka ndi nkhawa n'kubwerako atatopa kuposa mmene anapitira. N'chifukwa chake ganizo lopita kudera la kumidzi kukangopuma limamveka lachilendo, ndipo ambiri amaliona ngati nkhani ya alendo ochokera kunja kapena ya anthu opeza bwino omwe amapita kunyanja pa Khirisimasi. Maganizo amenewa akumanitsa anthu ambiri mpumulo womwe uli pafupi, wosafuna ndalama zambiri, komanso wopindulitsa mlendo ndi womulandira yemwe.

Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa wantchito masiku 18 a tchuthi pachaka ngati amagwira masiku 6 pa sabata, kapena masiku 15 ngati amagwira masiku 5, ndipo cholinga cha masikuwa n'chakuti thupi ndi maganizo zipezenso mphamvu. Ambiri amawathera pa geni, pa kuyang'anira amisiri omanga nyumba, kapena pa mizere ya m'maofesi. Koma ngakhale amene tchuthi chake chinatha kale, ngati amagwira masiku 5 pa sabata, ali nalo Loweruka ndi Lamlungu, ndipo masiku awiriwa ndi okwanira kwa munthu wosankha malo apafupi. Boma la Dedza ndi chitsanzo chabwino, popeza tauni yake ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo munthu wonyamuka m'mamawa pa minibasi amafika dzuwa lisanatenthe. Tauniyi ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja ya mchere, m'tsinde mwa phiri la Dedza lomwe nsonga yake imafika mamita 2,198, ndipo kukwera kumeneku ndiko kumachititsa kuti mpweya wake ukhale wozizira ngakhale m'miyezi yomwe kuchigwa anthu akulephera kugona ndi kutentha. Wopitako mu Juni ndi Julayi ayenera kunyamula zovala za mphepo, pakuti chisanu cha kumeneko sichisewera.

Mtendere wa kumudzi sutanthauza kuti kulibe phokoso, chifukwa tambala, mtondo, ngolo ndi ana opita kumjigo zimamveka kuyambira m'bandakucha. Chomwe chimasiyana ndi m'tauni n'chakuti nthawi imayendera dzuwa, ntchito iliyonse ili ndi nyengo yake, ndipo mdima ukagwa palibe chokakamiza munthu kukhala maso. Nthawi ya masika, yomwe ndi miyezi yokolola mvula itangosiya, njira zimakhala zitayamba kuuma koma msipu udakali wobiriwira, ndipo munthu angathe kuyenda wapansi maola angapo kudutsa m'minda ya mbatata ya kachewere, m'madambo, omwe ndi malo otsika osunga chinyezi chaka chonse, komanso m'madimba momwe alimi amathirira kabichi, tomato ndi nyemba. Kuyenda kotereku kumatopetsa miyendo koma kumapepukitsa mutu, makamaka kwa amene alola kuti foni ikhale m'thumba kufikira madzulo.

Chuma chachikulu cha mapiri amenewa ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zomwe bungwe la UNESCO linaziika m'chaka cha 2006 pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi. M'deralo muli malo 127 omwe anthu akale anajambula m'mapanga ndi pansi pa matanthwe, ndipo odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambulazi zili m'magulu awiri. Zofiira, zomwe zambiri ndi mizere ndi zozungulira, ndizo zakale kwambiri, ndipo akatswiri amati anazijambula ndi Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso omwe ankakhala m'dziko muno alimi asanafalikire. Zoyera zinajambulidwa ndi makolo a Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera, ndipo zambiri zimaonetsa nyama zotambasula miyendo zomwe zinkathandiza anamkungwi pophunzitsa atsikana mwambo wa chinamwali, pomwe zina zimakhudza zilombo za nyau, miyambo ya maliro ndi mapemphero a mvula. Munthu woima pansi pa thanthwe lotere amazindikira kuti malo omwe iye wafikako kudzapuma anali sukulu ndi kachisi wa mibadwo yambiri, ndipo kuzindikira kumeneku kumamuchititsa kutsitsa mawu popanda womuuza.

Amene ali ndi tsiku lachiwiri angathe kutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, n'kukafika ku Mua kufupi ndi Mtakataka, komwe ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1902. Pamalopa pali likulu la zachikhalidwe ndi luso la Kungoni, lomwe bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada, analiyambitsa m'chaka cha 1976, ndipo nyumba yake yosungiramo zakale ya Chamare imafotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuchokera pa kubadwa kufikira pa imfa. Mmenemo muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana, chilichonse ndi dzina lake ndi phunziro lake, ndipo panja pake amisiri osema amagwira ntchito yawo poyera mumthunzi wa mitengo. Ana obadwira m'tauni, omwe gule amangomuonera pa kanema, amaphunzira zambiri pa maola awiri a pamalopa.

Komabe mlendo ayenera kukumbukira kuti malo omwe iye akupumirako ndi malo omwe eni ake akukhetsa thukuta, ndipo bata lomwe iye akusangalala nalo lili pakati pa anthu omwe akulimbana ndi kukwera mtengo kwa feteleza, kutalika kwa chipatala ndi kuchepa kwa malo olima. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo popeza sakhalitsa, ayenera kusiya mbiri yabwino. Ulemu umayamba ndi kupereka moni, kudziwitsa nyakwawa kapena woyang'anira malo asanakwere kumapanga, ndi kutenga mwana wa m'deralo kuti amutsogolere pa malipiro omwe agwirizana. Manda ndi dambwe, lomwe ndi malo obisika a anthu olowa gule, si malo olowamo mwachisawawa, ndipo kujambula munthu chithunzi asanavomere n'kumuchotsera ulemu. Kulemba maina ndi makala pamwamba pa zojambula zakale, kuzikhudza ndi manja kapena kusonkha moto m'phanga kumawononga zinthu zomwe palibe mmisiri angazibwezeretse. Pamsika wa m'mbali mwa msewu, ngati wa Chimbiya kapena wa Lizulu, kunenerera mtengo kufikira mlimi atagulitsa moluza kumachotsa phindu lokhalo lomwe mudzi ukanapeza pa ulendowo. Nayenso wokagona kwa abale asapite chimanjamanja, chifukwa nkhuku yomwe amuphera ndi nkhuni zomwe amuwothetsa zili ndi mtengo wake.

Boma, kudzera ku nthambi zoona zokopa alendo, zachikhalidwe ndi zankhalango, pamodzi ndi khonsolo ya Dedza, lili ndi udindo woika zikwangwani zomveka m'Chichewa, kukonza misewu yafumbi yopita kumapanga, ndi kuphunzitsa achinyamata a m'midzi yozungulira kuti akhale otsogolera alendo odziwa mbiri ya kwawo, pakuti anthu amateteza chinthu chomwe akuona kuti chikuwadyetsa. Koma ntchito imeneyi singayende ngati eni dziko sapitako. Mabanja, magulu a kumpingo, aphunzitsi ndi anthu ogwira ntchito pamodzi asankhe Loweruka limodzi mvula isanayambe, asonkhe ndalama ya mayendedwe ndi malo ogona, apite akapume ku Dedza, ndipo akagule chakudya chawo kwa alimi a komweko.