Mabuku a bayoloji akubisira ana athu nkhani yeniyeni

Tsegulani kabuku kalikonse ka manotsi a bayoloji kamene ana a giredi 12 amaloweza pokonzekera mayeso, mupezamo tebulo la magawo anayi: dzina la matenda, kachilombo koyambitsa, zizindikiro, kapewedwe. Kolera wapatsidwa mzere umodzi, TB mzere umodzi, chimfine mzere umodzi, basi nkhani yatha. Tebulo limeneli limandikwiyitsa. Mwana wa ku Chizongwe kapena ku St Monica's angathe kulemba dzina lakuti Vibrio cholerae osaphonya chilembo n'kukolola mamalikisi onse, koma mukamufunsa chimene kachilomboko kamachita kakafika m'matumbo, amangokuyang'anani. Sindikudzudzula mwanayo kapena aphunzitsi ake. Ndikudzudzula mabuku amene amatchula mayina a mabakiteriya ndi mavairasi osafotokoza mmene amakhalira ndi maselo a thupi lathu, pamene nzeru yopulumutsa moyo ili pomwepo.

Tiyambe ndi kolera, poti tonse tikumukumbukira. Mliri umene unayamba mu October 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'Zambia muno ndi kupha oposa 700, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka February 2024, ndipo bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala. Bakiteriya wa kolera salowa m'magazi. Amamatirira kukhoma la matumbo n'kutulutsa poizoni amene amachititsa maselo a m'matumbomo kukhuthula madzi ndi mchere mosalekeza. Munthu amafa ndi kuuma kwa thupi. Koma pali khomo limodzi limene poizoniyo satseka: maselo omwewo amayamwabe mchere ukabwera pamodzi ndi shuga, ndipo madzi amatsatira. N'chifukwa chake ORS, amene timawatcha madzi a moyo, amagwira ntchito. Mayi amene wamva zimenezi saleka kumwetsa mwana poganiza kuti madzi akuwonjezera kutsekula, ndipo sasiya shuga kapena mchere posungunula. Lamulo longoloweza limaiwalika pa nthawi ya mantha, koma chifukwa chake munthu akachimvetsa amakhala nacho.

Pali chinanso chimene matebulo aja sanena. Mabakiteriya nawonso amagwidwa ndi mavairasi awoawo, otchedwa ma bacteriophage, amene Frederick Twort anawaona mu 1915 ndi Félix d'Hérelle mu 1917. Mu 1996, Matthew Waldor ndi John Mekalanos anaonetsa kuti malangizo opangira poizoni wa kolera amabwera ndi vairasi wotere, amene amalowa mwa bakiteriya n'kukhazikika. Ndiye kuti Vibrio wopanda vairasiyo sangabutse mliri wonga tinauona uja. Mavairasi ena a mtundu womwewu amapha mabakiteriya, ndipo ku Tbilisi, m'dziko la Georgia, bungwe la Eliava lakhala likuwagwiritsa ntchito pochiza odwala kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Ndani angatsutse kuti mwana wa zaka 16 angatchere khutu ku nkhani ngati imeneyi kuposa ku mndandanda wa zizindikiro?

TB ndiye amaonetsa bwino mtengo wa umbuli umenewu. Bakiteriya amene Robert Koch anamupeza mu 1882 akalowa m'mapapo amamezedwa ndi maselo oteteza thupi, amene ntchito yawo ndi kugaya adani. Iye sagayika, amangokhala m'kati mwa selolo, ngati mbala imene yabisala m'nyumba ya mlonda. Amakula pang'onopang'ono ndipo angathe kugona zaka zambiri. HIV ikawononga maselo a CD4, amene amatsogolera chitetezo, iye amadzuka, ndipo n'chifukwa chake matenda awiriwa amayendera limodzi m'mawodi a ku Chipata Central, ku Mwami ndi ku St Francis ku Katete. Mankhwala amatenga miyezi 6 chifukwa ayenera kupeza ngakhale obisala ndi ogona. Wodwala amene sanauzidwe zimenezi amaona chifuwa chasiya patangopita milungu ingapo, n'kuleka kumwa. Otsala m'thupimo ndi aja olimba, ndipo akabweranso nthawi zina mankhwala oyamba aja sawamvanso. Timafulumira kumunena wodwalayo kuti ndi wosamvera, chonsecho anapita kusukulu ndipo buku lake silinamuuze.

N'chimodzimodzi ndi makapisozi. Munthu akangoyetsemula kawiri amathamangira amoxicillin. Mankhwala amenewa amaphwanya khoma la selo la bakiteriya, pamene vairasi wa chimfine alibe khoma loterolo, amachulukana m'kati mwa maselo athu omwe. Kapisoziyo sakhudza chimfine, amangopha mabakiteriya abwino a m'matumbo ndi kusiya olimba kuti aswane. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo Africa ya kum'mwera kwa Sahara ndiyo inakhudzidwa kwambiri. Imeneyi ndi nkhani ya tsamba limodzi m'buku la sekondale, ndipo tsambalo likusowa.

Ena adzati izi n'zakuya, zisiyireni ophunzira udokotala ku Ridgeway. Ndikukana. Dokotala amakumana ndi wodwala mphindi zochepa, koma wosankha kumaliza mankhwala kapena kuwasiya ndi mwini wake kunyumba. Ndiponso kuya kwake kuli pati? Zulani mtedza kapena soya m'munda, muone timatuza ta kumizu. Kang'ambeni kamodzi ndi chikhadabo, m'kati mwake mupeza mofiirira. Mmenemo muli mabakiteriya amene analowa m'maselo a muzu, akutenga chakudya ku mbewu, iwo n'kumaipatsa nayitirojeni wochokera mumpweya. Mlimi wa ku Chiparamba amadziwa kale kuti chimanga chimakondwa pamene panali mtedza, ndipo akatswiri a zaulimi a ku Msekera amagwira ntchito ndi mbewu zimenezi pafupi ndi tauni yathu ya Chipata. Phunziro la mmene bakiteriya amakhalira m'selo la chamoyo china lili kuseri kwa nyumba, silifuna ngakhale makina oonera tinthu tating'ono. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Namwino amene anamvetsa timatuza ta mtedza ali mwana savutika kumvetsa TB akafika kukoleji.

Enanso adzati ndalama palibe, tiyambe takumba zitsime ndi kumanga zimbudzi. Madzi abwino ndi ofunika ndithu, ndipo palibe buku lingalowe m'malo mwa mpope. Koma mabuku tikusindikiza kale, mapamfuleti makolo akugula kale. Chimene ndikupempha ndi kusintha zolembedwamo, ndipo mtengo wa pepala ndi womwewo. Mabuku akuluakulu a sayansi imeneyi amachokera kunja, ndi okwera mtengo, ndipo analembedwera ophunzira a mayiko ena. Ife tili ndi aphunzitsi a unamwino ku Chipata, ku Mwami ndi ku Katete, tili ndi ogwira ntchito m'malabotale amene amaona tizilombo timeneti tsiku ndi tsiku. Atakhala pansi ndi aphunzitsi a bayoloji angathe kulemba kabuku kochepa ka kolera, TB, tayifodi, chimfine ndi mtedza, m'Chingerezi chosavuta ndi m'Chinyanja chomwe, kuti mwana akafike nako kwa agogo ake ndipo Breeze FM ikawerenge pawailesi.

Komabe tonse tikudziwa kuti mwana amawerenga chimene mayeso amafunsa, ndipo wolemba pamfuleti amatsata pomwepo. Choncho mfungulo ili ndi a Examinations Council of Zambia ndi a Curriculum Development Centre. Afunse kuti n'chifukwa chiyani madzi a moyo amafuna shuga ndi mchere pamodzi, n'chifukwa chiyani mankhwala a TB amatenga miyezi 6, n'chifukwa chiyani kapisozi sachiza chimfine. Mafunso amenewa akangolowa m'pepala la mayeso chaka chimodzi, chaka chotsatira mupeza mayankho ake m'buku lililonse logulitsidwa kumsika wa Kapata.