Ngozi za kabaza ku Mzuzu: bwanji za mabuleki sitikamba?

Nkhani ya ngozi za njinga zamoto za kabaza ikabuka, zala zimaloza komwekomweko: oyendetsa alibe ziphaso, njinga sizidalembetsedwe, inshulansi palibe ndipo okwera savala zipewa zodzitetezera. Zonsezi n'zoona ndipo n'zofunika kuzikonza.

Koma pali kachipangizo kena komwe sikatchulidwa kawirikawiri, chonsecho moyo wa woyendetsa ndi wokwera umatsamira pa iko. Apa tikunena ma brake pad, tizitsulo tomatidwa ndi chikhungwa chokhakhala tomwe timagwira gudumu kuti njinga iime. Kukula kwake sitiposa chikhato cha mwana.

Mumzinda wa Mzuzu nkhaniyi ndi yaikulu. Kale anthu amadalira njinga zakapalasa zomwe zidatchuka ndi dzina loti Sacramento. Masiku ano njinga zamoto zachuluka, ndipo zimanyamula anthu kupita ku Chibavi, Luwinga, Mchengautuba, Zolozolo, Masasa ndi madera ena a mumzindawu, womwe pakalembera wa 2018 udapezeka ndi anthu oposa 220,000.

Mzuzu ndi malo a zitunda ndi zigwa. Mvula imagwa yambiri, misewu yambiri ya m'makwalala ndi yadothi, ndipo matope a dzinja ndi fumbi la chilimwe zimadya mabuleki ngati msasa. Msewu wa ku Nkhata Bay, wotalika pafupifupi makilomita 50, umatsika kuchoka kumtunda mpaka kunyanja modutsa m'makhotakhota. Njinga yoyenda m'malo otere imagwiritsa ntchito mabuleki kwambiri kusiyana ndi ya kumalo athyathyathya monga ku Salima kapena ku Karonga.

Mabuleki a njinga yamoto ali mitundu iwiri. Pali a disiki, pomwe ma brake pad awiri amapana chitsulo chozungulira chomwe chili pagudumu. Palinso a diramu, pomwe ma brake shoe amakankha mkati mwa gudumu. Njinga zambiri za kabaza zili ndi diramu kumbuyo, pomwe kutsogolo kumakhala disiki kapenanso diramu.

Akatswiri amati njinga ikamaima, pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse a mphamvu yoimitsa amachokera ku gudumu lakutsogolo, chifukwa kulemera konse kumathamangira kumeneko. Chodandaulitsa n'chakuti oyendetsa omwe adaphunzirira njinga pabwalo la mpira amaopa buleki yakutsogolo poganiza kuti iwagwetsa, ndiye amangodalira yakuphazi.

Liwiro nalo lili ndi masamu ake. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imafuna mtunda wochuluka kanayi kuti mabuleki aiimitse poyerekeza ndi yomwe ikuyenda makilomita 30 pa ola. Onjezerani anthu awiri kumbuyo kapena matumba a chimanga, muona ntchito yomwe tizipangizoti timagwira.

Nanga munthu akafika pasitolo ya masipeya asankhe chiyani? Ma brake pad alipo a mitundu itatu yodziwika. Oyamba, otchedwa organic, amapangidwa ndi ulusi wosakaniza ndi zomatira. Awa ndi ofewa, sasokosa ndipo sadya disiki, koma amatha msanga ndipo amafooka akatentha kapena akanyowa.

Achiwiri, otchedwa sintered, amapangidwa ndi ufa wa zitsulo monga kopa wophikidwa pamoto waukulu. Amagwira bwino m'mvula, m'matope ndi pamitsetse italiitali, ndipo amakhalitsa. Vuto lawo n'lakuti ndi okwera mtengo komanso amadya disiki, makamaka ngati disikiyo sidapangidwire mtundu umenewu. Achitatu, a semi-metallic, ali pakatikati pa awiriwa, pamtengo ndi pakagwiridwe komwe.

Kwa wakabaza wa ku Mzuzu yemwe amasenza katundu tsiku lonse m'zitunda, ofewa kwambiri aja si abwenzi. Komabe chachikulu kuposa mtundu n'chakuti ma brake pad akhale opangidwira njinga yakeyo. Boxer, TVS, Lifan ndi King Lion sizivala nsapato imodzi. Nzeru ndi kunyamula akale aja pokagula n'kuwayerekeza ndi atsopanowo, osalola makaniko kupala kapena kukhoma kuti alowe mokakamiza.

Opanga odalirika amalemba dzina lawo ndi nambala pachipangizocho. Ena amaikanso zilembo ziwiri monga FF, GG kapena HH zosonyeza mphamvu ya kagwiridwe, choyamba pamene buleki ili yozizira, chachiwiri itatentha. HH ndiye wogwira kwambiri. Katundu wopanda dzina, wa chikhungwa chosamatidwa bwino kapena chonyenyeka ndi chikhadabo n'ngoopsa, chifukwa chikhungwacho chikhoza kumatuka njinga ili pamtsetse. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Ndiye n'chifukwa chiyani ambiri amathamangira otchipa? Yankho lagona m'thumba. Masipeya a njinga zamoto amachokera kunja, makamaka ku China ndi India, ndipo ambiri ofika kumpoto amalowera pachipata cha Songwe kuchokera ku Tanzania. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Izi, kuphatikizapo kusowa kwa ndalama zakunja, zidakweza mtengo wa chilichonse chogulidwa kunja.

Wamalonda amaoda zomwe anthu angakwanitse kugula, ndipo wogula amafunsa mtengo asadafunse ubwino. Kuonjezera apo, anyamata ambiri amayendetsa njinga za eni ndipo amayenera kupereka ndalama yomwe adagwirizana tsiku lililonse kapena pasabata. Mabuleki akatha, mwini njinga amati ndi udindo wa woyendetsa, woyendetsa naye amati njinga si yake. Pakukankhiranaku, mabuleki amangoyendabe mpaka chitsulo kukhudza chitsulo.

Apa ndi pomwe chotchipa chimasanduka chodula. Ma brake pad akatheratu amakanda disiki, ndipo disiki yatsopano mtengo wake ndi woposa wa ma brake pad kangapo. Kumeneko ndi kungowerengera ndalama. Mwendo ukathyoka, munthu amagona ku chipatala chachikulu cha Mzuzu masabata angapo, njinga ili ku polisi, banja lili ndi njala.

Kukwera mtengo kwa petulo kwabweretsanso chizolowezi china choipa. Ena akafika pamtsetse amazimitsa injini kapena kuchotsa giya kuti apulumutse mafuta. Akatero, injini siithandizanso kuchepetsa liwiro ndipo ntchito yonse imagwera mabuleki. Akatentha kwambiri amaleka kugwira, munthu n'kumangofinya chogwirira njinga ikupitabe. Pamtsetse wautali njira yabwino ndi kutsika ndi giya yaing'ono.

Zizindikiro zoti mabuleki atha sizivuta kuona. Chikhungwa chikatsala mamilimita awiri kapena kucheperapo, kapena kamzera ka pakati pake kakafufutika, nthawi yosintha yakwana. Kulira kwa zitsulo, chogwirira chofika mpaka pachiwongolero ndi buleki yakuphazi yotsika kwambiri, zonsezi ndi machenjezo. Kumangitsa nati yakumbuyo mobwerezabwereza sikubwezeretsa chikhungwa chomwe chatha.

Posintha, asinthidwe onse awiri nthawi imodzi, ndipo asakhudzidwe ndi oyilo kapena girizi. Atsopano amafuna kuyendetsedwa modekha masiku oyamba kuti akhazikike. Madzi a mabuleki, a DOT 3 kapena DOT 4 malinga ndi zomwe zalembedwa pachivindikiro, amafuna kusinthidwa pakatha zaka ziwiri.

Koma si bwino kusenzetsa wakabaza yekha mtolo wonsewu. Iye sangayeze ubwino wa chipangizo ndi maso okha. Bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards (MBS) lili ndi udindo woyendera katundu wolowa m'dziko muno, ndipo masipeya a mabuleki akuyenera kuonedwa ndi diso lomwelo lomwe limaona zakudya. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) nalo lilipo kuti liteteze ogula kwa amalonda achinyengo.

Apolisi apamsewu ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS akamaimitsa njinga, asamangofunsa mapepala okha. Kufinya chogwirira ndi kusuzumira pagudumu sikutenga mphindi imodzi. Atsogoleri a masiteji a kabaza ndi bungwe lawo la Macokasa angathe kugwirizana zoti njinga yopanda mabuleki abwino isanyamule munthu pasiteji pawo, komanso kuthandiza mamembala kuoda masipeya odalirika pamodzi kuti mtengo utsike. Eni njinga nawo alembe poyera m'mgwirizano wawo kuti wogula mabuleki ndani.

Inunso okwera muli ndi mbali yanu. Mukamva zitsulo zikulira, kapena mukaona woyendetsa akukwekwesa nsapato pansi kuti aime, tsikani mukwere ina. Chipewa chimateteza mutu ngozi ikachitika, koma buleki yabwino ndi yomwe imaletsa ngoziyo kuti isachitike n'komwe.