ZA MASEWERA: BUKU LIMENE LINAIMITSA LIWIRO LA DOROTHY HYMAN

Owerenga athu okonda liwiro, sabata ino tikambeko za Dorothy Hyman, mkazi wa ku Mangalande amene malamulo a masewera anamcitira nkhanza.

Dorothy anabadwa m'caka ca 1941 ku Cudworth, mudzi wa migodi ya malasha m'cigawo ca Yorkshire. Atate wace anali kugwira nchito mu mgodi, ndipo iye mwini anali wolemba mapulani m'kabungwe koyang'anira malasha. Masana anali pa nchito, madzulo ndiwo anali kuphunzira liwiro.

M'caka ca 1960, ali ndi zaka 19 cabe, anapita ku masewera a Olympic mu mzinda wa Rome. Pa liwiro la mamita 100 anakhala waciwiri, atapitidwa ndi Wilma Rudolph wa ku America yekha, ndipo pa mamita 200 anakhala wacitatu. M'caka ca 1962 anapambana akazi onse a ku Ulaya pa mamita 100 ku Belgrade, natenganso mendulo ziwiri za golide ku Perth m'masewera a maiko a Commonwealth. Mendulo yace yotsiriza ya Olympic anailandira ku Tokyo mu 1964 pa liwiro lopatsirana kamtengo. Masewera amenewo ndiwo anatsekedwa pa 24 October, tsiku limene Zambia analandira ufulu.

Tsono m'caka comweco anaturutsa buku losimba za moyo wace, nalandirapo ndarama. Masiku amenewo lamulo linali lakuti wothamanga asalandire malipiro ena ali onse cifukwa ca liwiro lace. Motero pamene anafuna kubwereranso, akulu a masewera anamlola kuthamanga kwao kokha, namkaniza kuimira dziko lace kunja. Mu 1969 anapambanabe mpikisano wa dziko lonse wa mamita 200, koma khomo la kunja silinatseguke.

Ife tiona kuti lamulo limenelo linali kukomera ana a anthu olemera. Mwana wa munthu wacuma angathe kuthamanga popanda malipiro, nanga mwana wa m'migodi adzadya mendulo kodi? Lamuloli linayamba kufewa m'zaka za m'ma 1980, Dorothy atapitirira kale msinkhu wothamanga. Anthu a kwao sanamuiwale: bwalo la masewera ku Cudworth analicha dzina lace. Koma zaka zimene akadathamangira dziko lace, palibe amene angambwezere.