Dobadoba si mwini malo: tidzagula mphepo mpaka liti?

Abale anzanga a mu Mzuzu, lero mundilole ndikwiye. Mwezi watha ndinaperekeza azakhali anga, mayi wamasiye amene wakalambira pa benchi yogulitsira usipa, kukaona puloti imene anagula kumalire kwa mzinda uno. Titafika tinapeza bambo wina ali kalikiliki kukumba maziko a nyumba. Azakhali anatulutsa pepala lawo, bamboyo naye anatulutsa lake. Mapepala onse awiri anali othothola m'kope la sukulu, dzanja lolemba linali limodzi, ndipo mboni inali imodzi: dobadoba amene anadya komishoni uku ndi uku. Lero foni yake sikupezeka.

Pobwerera azakhali anandifunsa kuti, "Mwananga, iwe unapondako ku yunivesite, tandiuza, kodi ine ndinagula chiyani?" Yunivesite ndinaisiyira panjira chifukwa cha fizi, koma yankho la funso limeneli silifuna digiri. Anagula mphepo.

Tiyeni tiuzane chilungamo. Mfundo yoyamba pa malamulo a malo ndi yakuti munthu sangagulitse chinthu chomwe si chake. Ngati wogulitsayo alibe umwini, ngakhale mumpatse ndalama zodzaza thumba la feteleza, inunso mulibe umwini. Pepala la m'kope limangosonyeza kuti ndalama zinatuluka m'manja mwanu, basi. Umwini umaoneka m'kaundula wa malo, monga lamulo la Registered Land Act la 1967 likunenera. M'menemo ndi m'mene mumalembedwa nambala ya puloti, dzina la mwini wake, komanso ngati malowo anaperekedwa chikole ku banki.

Mfundo yachiwiri ndi iyi: mapuloti ambiri a m'tauni si ogula kotheratu ayi. Ndi a lizi, kutanthauza kubwereka kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri 99, kuchokera ku boma, ku khonsolo kapena ku Malawi Housing Corporation. Wa lizi amalipira lendi ya nthaka chaka ndi chaka, ndipo pofuna kusintha dzina pamafunika chilolezo cha amene anapereka liziyo. Nanga amfumu? Ulemu wawo tiwapatse, koma Chiefs Act ya 1967 imati mfumu ilibe ulamuliro mumzinda popanda chilolezo cha khonsolo. Mzuzu unakhala mzinda mu 1985. Chidindo cha "mfumu ya m'tauni" sichisandutsa malo a boma kukhala anu.

Mfundo yachitatu ndiyo ikundiwawa kwambiri. Ejenti ndi mtumiki. Amagwira ntchito m'malo mwa amene wamutuma, ndipo lamulo limamukakamiza kukhala wokhulupirika kwa munthu ameneyo: asabise mtengo weniweni, asadye phindu lamseri, ndalama zonse azilongosole. Tsono dobadoba wathuyu ndi mtumiki wa yani? Kwa wogulitsa amati, "Bwana, ndine wanu." Kwa wogula amati, "Mayi, ndikukumenyerani nkhondo." Mwini malo atchula mtengo, iye aikapo wake pamwamba, kenaka alipiritsanso ndalama yoti mukangoona malowo ndi maso. Mtumiki wa mabwana awiri ndi mtumiki wa mimba yake.

Musaganize kuti malamulo kulibe. Mu 1989 dziko lino linakhazikitsa lamulo loti ogulitsa nyumba ndi malo m'malo mwa ena azilembetsedwa, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lina latsopano loyendetsera ntchito yomweyi. Yunivesite ya Mzuzu, pakhomo pathu pompano ku Luwinga, imaphunzitsa achinyamata za kasamalidwe ka malo ndi nyumba. Koma tapitani ku Chibavi, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo mukafunse amene akutsatsa mapuloti kuti akuonetseni laisensi. Mudzabwerako mutatopa.

Kodi pa 14 Juni 1993 tinavotera chiyani? Akuluakulu akukumbukira Forfeiture Act ya 1966, lamulo limene boma la chipani chimodzi linkalandira nalo anthu nyumba ndi katundu. Matipate atabwera lamulolo linakwiriridwa, ndipo ndime 28 ya malamulo oyendetsera dziko lino inati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi katundu, ndipo asalandidwe mwachisawawa. Mu 1996 Pulezidenti Bakili Muluzi anakhazikitsa komishoni yofufuza za malo. Mu 2002 kunabwera ndondomeko ya malo. Mu 2016 kunabwera malamulo atsopano, omwe anakonzedwanso mu 2022. Mapepala ndi ambiri zedi. Koma mayi wa usipa amene walandidwa thukuta lake ndi munthu wa cholembera ndi kope, mungamuuze kuti demokalase yamupindulira?

Ena ati madobadoba akuthandiza, pakuti munthu wamba sadziwa poyambira. Ndikuvomera, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Anthu akuchuluka, mapuloti opimidwa ndi ochepa, choncho wosauka amagula paliponse pamene walozeredwa, kaya m'dambo kaya pachiphedi. Tinaona mu Epulo 2016 mvula itagwetsa nyumba ndi kutenga miyoyo ya anthu mumzinda uno. Amene analozera anthu malo oterowo anali atadya kale komishoni yawo.

Pempho langa kwa olamulira ndi losavuta. Mayina a maejenti olembetsedwa amatidwe pa khoma la khonsolo ndi pa msika, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Wogwira ntchitoyi popanda laisensi aone khomo la khoti. Mapuloti opimidwa agawidwe poyera, dzuwa likuswa mtengo, osati kwa a chipani ndi achibale okha.

Kwa inu owerenga, wakutsina khutu ndi mnansi. Musanatulutse ngakhale tambala, funsani nambala ya puloti, mukafufuze ku ofesi ya za malo, muonane maso ndi maso ndi mwini wake ali ndi chitupa chake, ndipo saveya akuonetseni mabikoni. Ejenti mumufunse kuti wamutuma ndani ndipo akumulipira ndani. Akakwiya ndi funsolo, bwezani ndalama zanu m'thumba.

Azakhali anga abwerera pa benchi yawo kukayambiranso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.