Kulanda matumba pa rodibuloko sikungapulumutse Dzalanyama

Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuwotcha makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 boma lidalikhwimitsa powonjezera zilango. Komabe m'bandakucha uliwonse njinga zimalowa mu Lilongwe zitasenza matumba atatuatatu, osongoka ndi timitengo ndi luzi, eni ake akukankha thukuta lili kamukamu. Pofika madzulo makala aja ali m'timajumbo ku Kawale ndi ku Mchesi. Ndipo ndani sadziwa kuti wapolisi amene walanda thumba masana amakadya nsima yophikidwa pambaula?

Vuto lili pa chiwerengero. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni. Wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni, ndipo pa mabanja 100 alionse, 11 okha ndi amene anali ndi magetsi a ESCOM. Nawonso ochepawo samawadalira pophika chifukwa cha kuzimazima. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo mabanja a m'tauni adatsamira pa makala. Lamulo lingaopseze wogulitsa, koma silingauze mayi wa ku Ndirande kuti ana agone ndi njala.

Chiletso sichichepetsa ogula. Chimangosintha amene akudya ndalamayo. Kafukufuku wa 2007 wotchedwa Charcoal: The Reality adapeza kuti malonda a makala m'mizinda inayi ikuluikulu anali a ndalama zoposa K5 biliyoni pachaka, ndipo ankadyetsa anthu oposa 90,000. Pa ndalama zonsezo boma silidatolerepo msonkho. Gawo lina lidathera mu "ya fanta" ya m'misewu. Choipitsitsa n'chakuti munthu wogwira ntchito mozemba saganiza za mawa. Amagwetsa mombo ndi muwanga msangamsanga, kukwirira uvuni wadothi umene umawononga nkhuni zochuluka kuti utulutse makala ochepa, n'kuthawa. Angabzalirenji mtengo pamalo pamene akudziwa kuti sadzaloledwa kukolola? Asilikali adatumizidwa ku Dzalanyama mu 2015, koma makala ochokera kumeneko sadasiye kufika mumzinda, chonsecho nkhalangoyi ndiyo gwero la madzi amene Lilongwe Water Board imagulitsa.

N'chifukwa chake ndikuti makala awonedwe ngati mbewu yamalonda, monga fodya: alimidwe, alembetsedwe, akhome msonkho. Ziphaso zipezeke kuboma lililonse pamtengo woti kagulu ka m'mudzi kangakwanitse, malinga kali ndi munda wa mitengo yobzala, ndipo gawo la msonkhowo libwerere kwa mudzi umene ukusamala nkhalango. Ndondomeko ya makala ya 2017 mpaka 2027 idavomereza kale njira yotere, ndipo kampani ya Kawandama Hills ku Viphya yaonetsa kuti makala a bulugama wobzala ndi otheka. Koma wobzala mtengo n'kuudikira zaka sangapikisane pamsika ndi amene wautenga ulere.

Ena akuti kuloleza n'kutsegula khola kuti afisi alowe, pakuti makala akuba adzabisala m'matumba a chiphaso. Nkhawayi ndi yoona, ndipo ziphaso zimagulidwa kuseri m'dziko muno. Komatu lero pafupifupi thumba lililonse ndi lakuba, ndiye alonda a nkhalango ochepa omwe tili nawo akuthamangitsa aliyense. Ovomerezeka akachuluka, iwo eni adzayamba kuneneza akuba, chifukwa akuwaphera msika.

Enanso akuti tingolimbikitsa gasi. Gasi ndi wabwino, koma amagulidwa kunja ndi madola amene akusowa ngakhale a mafuta a galimoto, ndipo silinda imafuna ndalama yambiri pakamodzi. Wogulitsa mandasi amagula moto wa tsiku limodzi ndi ndalama ya tsiku lomwelo, ndipo kajumbo ka makala kamagulitsidwa motero.