Galimoto Ikakana Kukhota, Wolakwa Ndani?

Ife amene kwathu n'kumadera a Nsaru, Kabudula ndi Nambuma tikapita ku tchuthi timapeza azing'ono athu atasintha kotayira nthawi masana. Mpira wachikulunga ukadalipo, koma ambiri tsopano amathera m'tizipinda ta kuseri kwa magolosale, momwe muli TV, PlayStation, mabenchi awiri ndi mapadi omangamanga ndi selotepi. Gemu ya mpira ndiyo imalamulira m'menemo. Komabe mkwiyo weniweni umabuka akaika ya mpikisano wa galimoto. "Galimoto iyi ndi yowola, ikukana kukhota!" "Kompyuta ikubera!" Padi imamenyetsedwa pabenchi, mwini malo n'kuyamba kuwerengera mtengo wake.

Makolo ambiri amati mankhwala ake n'kuwaletsa anawo kupondako. Ife tikuona kuti nkhaniyi ikufunika kuiunika kaye, chifukwa mkwiyo wa m'tizipindamo si wamtundu umodzi. Nthawi zina gemu imaberadi. Nthawi zina padi ndiyo yatha ntchito. Koma kawirikawiri galimotoyo imakhala itachita ndendende zomwe galimoto yeniyeni ikanachita, ndipo wolakwa amakhala wogwira padiyo. Mnyamata amene sanaphunzire kusiyanitsa zitatuzi amakula akuimba mlandu makina pa chilichonse. Ndipo tisaiwale kuti ena mwa anyamata omwewa, pakatha zaka zochepa, ndi amene adzatinyamule pa njinga zamoto za kabaza.

Tiyeni titenge magemu awiri odziwika a pa PlayStation 2. Yoyamba ndi Need for Speed: Most Wanted, ya mu 2005. Umayamba uli ndi BMW M3 GTR, munthu wina wotchedwa Razor n'kukulanda mwachinyengo, ndipo kuti uitengenso uyenera kugonjetsa madalaivala 15, apolisi ali pambuyo pako. Gemu imeneyi ndi yokhululuka. Ukhoza kulowa pakona uli pa liwiro loopsa, kukhula khoma, n'kupitirira ngati palibe chachitika. Muli ngakhale batani lochedwetsa nthawi kuti ukhote bwino. Inapangidwa kuti wosewera adzimve ngati katswiri kuyambira mphindi yoyamba, ndipo pa zimenezo inapambana.

Yachiwiri ndi Gran Turismo. Yoyamba yake inatuluka ku Japan mu Disembala 1997, pansi pa utsogoleri wa Kazunori Yamauchi, ndipo yachinayi inatuluka mu Disembala 2004 ili ndi galimoto zoposa 700. Iyi sinyengerera. Mipikisano yambiri siikulola kulowamo usanakhoze mayeso a laisensi, ndipo mayeso oyambirira enieni a m'gemu ya 1997 anali ochititsa manyazi kwa munthu wofuna liwiro: kuyendetsa kagalimoto ka Mazda Demio pamsewu wowongoka, n'kukaima m'malo olembedwa. Ukapitirira malowo, walephera. Mnyamata wozolowera Need for Speed akagwira gemu imeneyi, pakona yoyamba yomwe amapezeka ali mumchenga, ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa pake ndi akuti galimotoyo ndi yolemera.

Si yolemera ayi. Chimene chikuchitika n'chakuti galimoto yonse imagwira msewu ndi malo anayi okha, ndipo malo aliwonse ndi aakulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Tayala lili ndi mphamvu yogwira msewu yokhala ndi malire, ndipo mphamvu yomweyo ndiyo imagawidwa pa ntchito zonse: kuima, kukhota ndi kukankha galimoto kutsogolo. Ukaimaliza yonse pomanga buleki, yokhotera siitsala. N'chifukwa chake munthu wofika pakona ali pa liwiro lalikulu, n'kumanga buleki ndi kupinda chiwongolero nthawi imodzi, amaona galimoto ikungolunjika kutchire ngakhale matayala akutsogolo atapindika. Gemu sinamunamize. Aliyense amene anatsikapo chitunda pa njinga yakapalasa atanyamula matumba awiri a chimanga, n'kukumana ndi mchenga pokhota, akudziwa kale zimenezi m'thupi mwake, kungoti sanazilumikize ndi zimene akuona pa TV.

Palinso masamu amene tinaphunzira ku sekondale koma ambiri tinawasiya m'kope. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimotoyo suwirikiza kawiri, umawirikiza kanayi. Wosewera amene anazolowera kumanga buleki pa chikwangwani chinachake ali ndi kagalimoto kakang'ono, akapatsidwa yamphamvu n'kumanga pamalo omwewo, amaomba khoma. Amati yamphamvuyo ilibe mabuleki, chonsecho yangofika pamalopo ili pa liwiro lina.

Galimoto nazo zimasiyana khalidwe malinga ndi matayala amene injini imazunguza. Zokoka ndi matayala akutsogolo, monga Vitz ndi Sienta zambiri zimene timakwera ngati mataxi, zikapanikizidwa pakona zimakana kukhota, mphuno n'kumapita kunja. Zokankha ndi matayala akumbuyo, monga BMW ya Razor ija kapena minibasi ya Hiace, ukaponda moto msanga uli pakona, makamaka pamsewu wonyowa kapena wafumbi, zimataya kumbuyo mpaka kukutembenuza kuyang'ana kumene wachokera. Gran Turismo 4 ili ndi Vitz yomweyo mkati mwake, ndipo imaonetsa kusiyana kumeneku bwinobwino. Kuvuta kotereku ife tikukutcha kwachilungamo, chifukwa lamulo lake silisintha. Ukalakwitsa mofanana kakhumi, umagwa mofanana kakhumi, ndipo tsiku limene wamanga buleki msanga pang'ono, galimoto imakhota.

Koma tisawakanire anyamatawa zonse. Akamati kompyuta ikubera, pena amanena zoona. Magemu ambiri a mpikisano ali ndi kachitidwe kamene azungu anakapatsa dzina la lamba wa labala, poti galimoto za kompyuta zimakhala ngati zamangiriridwa ku yako ndi mphira. Ukazisiya patali, gemu imaziwonjezera liwiro mwakabisira kuti zikupeze. Ukatsalira, zimachedwa dala. Opanga amachita zimenezi kuti mpikisano ukhale wokoka mtima mpaka kumapeto, koma zotsatira zake n'zakuti ukhoza kuyendetsa bwino mpikisano wonse, n'kungogunda kamodzi pafupi ndi mzere womalizira, wina n'kukudutsa ngati anali pambuyo pako penipeni. Osewera Most Wanted amamukumbukira Earl, wa nambala 9 pa mndandanda uja, chifukwa cha khalidwe limeneli. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mpikisano umene mnzako akukokedwa ndi chingwe chosaoneka sukuphunzitsa kuyendetsa bwino, umangokuphunzitsa kuti khama la poyamba lilibe phindu.

Gran Turismo 4 nayo si yoyera. Galimoto zake siziphwanyika ngakhale uombe khoma, moti ena amakhota potsamira chipupa kapena potsamira galimoto ya mnzawo. Madalaivala a kompyuta amatsata mzere wawo ngati ng'ombe zopita kudibi, ndipo ukakhala panjira yawo amangokugunda. Ndiye pali ntchito yomaliza ya gawo la Driving Missions, ya nambala 34, pa msewu wa Nürburgring ku Germany, wotalika makilomita oposa 20. Umapatsidwa Mercedes-Benz yamphamvu, koma umayamba wadikira pamzere pafupifupi mphindi ziwiri kuti galimoto zakale zitsogole. Ukalakwitsa pakona imodzi n'kuyambiranso, umadikiranso mphindi ziwiri zomwezo. Kudikira kumeneko sikuwonjezera luso lililonse. N'kulanga munthu chabe. Opanga magemu ena anazindikira vutoli, ndipo Race Driver: Grid mu 2008 komanso Forza Motorsport 3 mu 2009 anaika njira yobwezera nthawi m'mbuyo masekondi ochepa kuti ukonze pomwe walakwa osayambiranso mpikisano wonse.

Chinthu chimene amene analemba magemuwa ku Japan ndi ku Canada sanachiganizire ndi kachipinda ka pa Nsaru. Iwo ankaganiza za mwana wokhala ndi PlayStation yakeyake, wosewera madzulo aliwonse, wosunga zomwe wapambana pa memory card. Kwathu mwana amalipira kanthawi kochepa ndi ndalama imene akanagulira mandasi, anzake asanu atamuimirira kumbuyo kudikira padi. Sangathere kanthawi kameneko akuyeserera kona imodzi. Magetsi akazima kapena batire la sola likafooka, zonse zimathera pomwepo. Ngati palibe memory card, mawa amayambiranso pachiyambi ndi galimoto yofooka yomwe ija. Gemu yofuna kuleza mtima ikugulitsidwa m'malo amene kuleza mtima kumadya ndalama, ndiye n'zosadabwitsa kuti yokhululuka ija ndiyo imakondedwa.

Za padi nazo n'zofunika kuzidziwa. Padi yeniyeni ya PlayStation 2, yotchedwa DualShock 2, ili ndi mabatani omva kukula kwa mphamvu ya chala. Mu Gran Turismo 4, ukadina batani la X pang'ono, galimoto imalandira moto pang'ono, ukadina kwambiri imalandira wonse. Mapadi ambiri otchipa a pamsika alibe luso limeneli, amangodziwa kuyatsa ndi kuzimitsa. Ndi padi yotero, galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo imazungulira pafupifupi pakona iliyonse, ndipo mwanayo sangadziwe chifukwa chake. Onjezani kamtengo kowongolera kotha ntchito, kamene kamakokera kumanzere kokha popanda kukakhudza. Pamenepa wolakwa si mwana, si gemunso.

Wina anena kuti, "Aa, inu ophunzira, zonsezi n'zamasewera chabe." N'zoona, ndipo sitikunena kuti gemu ingalowe m'malo mwa sukulu yoyendetsa galimoto kapena laisensi ya ku Road Traffic. Koma si chabe ayi. Kuyambira mu 2008, makampani a Nissan ndi Sony ankachititsa mpikisano wa GT Academy, wosankha akatswiri a Gran Turismo n'kuwaphunzitsa kuyendetsa galimoto zenizeni za mpikisano. Jann Mardenborough wa ku Britain anapambana mu 2011, ndipo mu 2013 iye ndi anzake awiri anamaliza pa nambala yachitatu m'gulu lawo pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France. Nkhani yake ndi imene ili mufilimu ya Gran Turismo ya mu 2023, yotsogoleredwa ndi Neill Blomkamp, wobadwira ku Johannesburg. Izi zikusonyeza kuti zina zimene gemuyo imaphunzitsa n'zenizeni. Koma mbiri yomweyo ili ndi mbali ina. Mu 2015, pa Nürburgring pomwe paja, galimoto ya Mardenborough inanyamuka m'mwamba, n'kugwera kumene kunali anthu oonerera, ndipo munthu mmodzi anamwalira. Pamenepo panalibe batani loyambiranso.

Ndipo misewu yathu ili ndi zambiri zimene gemu iliyonse ilibe. Pa msewu wa M12, wochoka ku Lilongwe kudutsa pa Mpingu, Msundwe ndi Namitete kupita ku Mchinji, pamakhala mbuzi zodumpha mwadzidzidzi, ngolo zoyenda chamadzulo, ana ochokera kusukulu ndi njinga zosenza makala. Misewu yafumbi yolowa m'midzi imasanduka sopo m'dzinja. Mnyamata amene wathera zaka zitatu akuphunzira kuti khoma limangokukankhira kutsogolo, ndiponso kuti ukagwa ndiye kuti makina ndi oipa, sitikunena kuti gemuyo ndiyo idzamugwetse pa njinga yamoto. Tikungoti akadzaterereka pamchenga ali ndi mayi ndi mwana kumbuyo, tikanakonda kuti adzakhale atadziwa kale kuti buleki amamangira asanafike pakona.

Choncho pempho lathu likupita poyamba kwa ife tomwe, achimwene ndi achemwali awo a anawa. Tikapita ku tchuthi, m'malo mongowakalipira kuti akuwononga ndalama, tikhale nawo pabenchipo kamodzi. Mng'ono wanu akaomba khoma, mufunseni kuti anali pa liwiro lanji ndipo buleki anamangira pati. Muuzeni abwereze kona yomweyo atamanga buleki pa chikwangwani cha m'mbuyo, aone yekha kuti nthawi yake yatsika ngakhale akumva ngati wachedwa. Kompyuta ikamudutsa mwachinyengo, muvomerezeni kuti yaberadi, ndipo mumufotokozere za mphira uja. Mwana amene wauzidwa zoona pamene gemu yalakwa amamvanso mosavuta pamene wauzidwa kuti walakwa ndi iye.

Makolo, ndalama ndi nthawi zimene mwana amathera kumeneko n'zoyenera kuziikira malire, ndipo pa zimenezo sitikutsutsana nanu. Tikungopempha kuti mufunsenso kuti akusewera gemu yanji. Ndipo inu eni ake a tizipindati, mapadi amene mukudandaula kuti akuswedwa aja, ena akuswedwa chifukwa anali atafa kale. Padi imodzi yeniyeni ndi memory card imodzi yosungira zomwe ana apambana zingachepetse phokoso m'nyumba mwanumo kuposa chikwangwani choopseza kuti woswa padi alipira. Ngati gemuyo ili ndi malo ochepetsera ukali wa adani kapena oyatsira zothandiza kuti matayala asaterereke, aonetseni ana oyamba kumene pomwe pali zimenezo asanawononge ndalama yawo mumchenga wa pakona yoyamba.