Zaumoyo Pakhomo: Musanakaunikidwe M'mimba

Dokotala akakulemberani kuti mukaunikidwe m'mimba ndi makina a sikani, mufunseni musanatuluke: akufuna kuona chiyani? Kukonzekera kwanu kwagona pa yankho limenelo.

Ngati ndi chiwindi kapena ndulu, musadye kanthu kwa maola 6 mpaka 8. Chakudya chimachititsa ndulu kufinyika, ndipo mpweya wa m'matumbo umatchinga chithunzi. Madzi pang'ono mutha kumwa. Ngati ndi chikhodzodzo kapena chiberekero, imwani makapu anayi a madzi kutatsala ola limodzi, ndipo musakodze. Odwala shuga, gwirizanani ndi dokotala za mankhwala anu tsikulo lisanafike.

Ife a ku Phalombe tisamazengereze. Olima mpunga ndi asodzi a kunyanja ya Chilwa amaswera m'madzi, ndipo likodzo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi chiwindi mwakachetechete. Sikani imatha kuonetsa zimenezi. Sipweteka, ndipo ilibe cheza ngati ekisire.

Kaya mukupita ku Holy Family kapena ku John Chilembwe, tengani buku lanu la kuchipatala. Thupi ndi kachisi wa Mulungu, tilisamale. Musawononge ndalama ya kabaza n'kukabwezedwa chifukwa cha mbale imodzi ya phala.